Mulungu ali pati m'buku la Rute? Lamulungu ndikutsogolera amayi, ndithandizeni

Nachisale (Cosmo City)

Moni abale ndi alongo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ku Johannesburg ndimakhala ku Cosmo City, ntchito ndimagwira ya m'nyumba cha ku Randburg. Kutchalitchi kwathu amayi timakumana Lamulungu masana mapemphero akatha, poti mkati mwa sabata aliyense amakhala ali kwa abwana ake. Ulendo uno andisankha ine kuti nditsogolere, ndipo amayi busa anati tiwerenge buku la Rute.

Ndaliwerenga lonse. Ndi lalifupi, machaputala 4 okha, moti magalimoto akathinana pa Malibongwe Drive ukhoza kulimaliza uli m'takisi. Koma vuto langa ndi ili: Mulungu sindikumuonamo. Mose anamulankhula pa chitsamba. Mariya anamutumizira mngelo. Yosefe ankalota. Kwa Rute kulibe mngelo, kulibe loto, kulibe mneneri, ngakhale chozizwitsa chimodzi. Muli njala, maliro atatu, ulendo wa pansi, ganyu ya m'munda, nkhomaliro, mlandu wa malo, ukwati, kenako mwana. Anthu akumutchula Mulungu popatsana moni ndi podalitsana, koma mwini wake ali chete.

Ndinene chifukwa chake nkhaniyi yandigwira. Nthawi ya maumboni kutchalitchi, wina amaimirira kuti mapepala ake atuluka, wina wagula galimoto, wina wafolera nyumba ku Lilongwe. Timaomba m'manja, ndipo ndimakondwera nawo ndithu. Koma ine sindinaimirirepo. Ndikanene chiyani? Kuti ndachapa, ndasita, ndakolopa, mwezi watha ndalipira lendi? Amuna anga anamwalira, ndipo apongozi anga akazi ali kumudzi, ndine ndimawatumizira ya feteleza ndi ya mankhwala. Abale anga ena amati ukwati unatha tsiku la maliro, ukudyetseranji mtundu wa eni. Musathamangire kundiuza kuti ndine Rute, sindikufuna zimenezo. Ndimatumiza chifukwa palibenso wina wotumiza, ndipo miyezi ina ndimatumiza ndikung'ung'udza.

China chimene sindikufuna ndi ulaliki uja wa "Boazi wako ali m'njira". Ndaumva mokwanira. Pagulu pathu pali amayi amasiye, ena amuna awo anawathawa n'kukwatira konkuno, ena zaka zawo zadutsa 50. Ndikaime pamaso pawo n'kumawalonjeza mwamuna wa munda ngati Boazi, amene anakwatira Rute?

Ndiye inu amene mumalidziwa Buku Lopatulika, Mulungu ali pati m'nkhani imeneyi? Mundiyankhe mosapita m'mbali.

Bambo Mbewe (Rosettenville)

Zikomo mayi Nachisale. Ine ndimalondera usiku, choncho nthawi yowerenga ndili nayo yambiri kuposa ya tulo.

Mwaona bwino. M'mavesi onse 85 a bukuli, wolemba akunena malo awiri okha kuti Yehova anachita kanthu. Koyamba ndi pa 1:6, pamene Naomi, apongozi ake a Rute, ali ku Mowabu anamva kuti Yehova wakumbukira anthu ake n'kuwapatsa chakudya. Kachiwiri ndi pa 4:13, pamene Yehova analola kuti Rute aime. Chakudya kumayambiriro, mwana kumapeto. Zapakati ponsepo akuchita ndi anthu, ndi manja awo ndi miyendo yawo.

Tsono taonani 2:3. Rute wadzuka m'mawa kukakunkha, sakudziwa munda wa munthu aliyense ku Betelehemu, ndipo wolemba akuti zinangochitika kuti munda umene analowa unali wa Boazi, m'bale wa malemu Elimeleki, mwamuna wa Naomi. Ine ndikawerenga pamenepa ndimaona ngati wolembayo akuseka chamumtima. Akudziwa kuti ife owerenga sitivomera kuti zinangochitika, koma kwa Rute tsiku limenelo zinali choncho ndithu. Sanamve mawu omuuza kuti khotera kumanja. Anaona okolola, n'kupempha kwa kapitawo.

Koma chimene ndikufuna mukawauze amayi anzanu ndi ichi. Mulungu anali atalankhula kale, Rute asanabadwe. Werengani Levitiko 19:9-10, Levitiko 23:22 ndi Deuteronomo 24:19. Mwini munda asakolole mpaka m'mphepete. Asabwerere kukatola zimene zagwa. Akaiwala mtolo m'munda, ausiye. Zimenezo ndi za wosauka, za mlendo, za mwana wamasiye ndi za mkazi wamasiye. Rute anali wosauka, mlendo komanso wamasiye, choncho barele amene ankatolayo sanali mphatso ya Boazi, anali gawo lake mwa lamulo. Vuto ndi loti iyi inali nthawi ya Oweruza, ndipo vesi lomaliza la buku la Oweruza likuti aliyense ankangochita zomukomera. M'dziko lotero, kupeza munthu wa chuma amene akusungabe lamulo loteteza mlendo, mpaka kuuza anyamata ake kuti azisolola ngala zina m'mitolo n'kumazisiya dala, kwa ine chozizwitsa chake n'chimenecho.

Inu a ntchito za m'nyumba mukudziwa zimenezi kuposa ine. Kuno ku South Africa, kuyambira mu March 2022 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anawalinganiza ndi a antchito ena onse. Mu November 2020 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti wantchito wa m'nyumba akavulala pantchito ayeneranso kulandira chipukuta misozi. Zonsezi zinalembedwa. Koma bwana akadziwa kuti ndiwe mlendo ndipo ukuopa kukadandaula, lamulo limatsalira papepala. Ndiye ukapeza bwana wokulipira zoyenera, wokupatsa tchuthi chako popanda kukangana, usamati ndi mwayi chabe.

Chomaliza. Pa 1:9 Naomi akupempherera apongozi ake kuti Yehova awapatse mpumulo, aliyense pa banja lake. Pa 3:1 Naomi yemweyo akuti, mwana wanga, kodi sindiyenera kukufunira pokhala pabwino? Pemphero lake lija wadzuka kukaliyankha yekha. M'bukuli zimayenda choncho. Amene wapemphera ndi yemweyo amene amavala nsapato.

Tadala (Yeoville)

Ankolo a Mbewe ndakumvani, ndipo za Levitiko zo zandisangalatsa. Koma anti Nachisale, chonde nkhaniyi musakaikometsere kwambiri. Ine ndimaluka tsitsi, ndipo zimene ndimamva kwa azimayi a kwathu akakhala pampando wanga zimandipangitsa kuwerenga bukuli ndi diso lina.

Ndiyambe ndi Olipa, mkazi wa mwana wina wa Naomi. Alaliki amamunyoza ngati wobwerera m'mbuyo. Analakwa chiyani? Naomi ndi amene anawaumiriza atsikanawo kuti abwerere kwa amayi awo, mpaka kuwauza kuti m'mimba mwanga mulibenso ana oti n'kudzakukwatirani. Olipa analira, anapsompsona apongozi ake, n'kumvera. Baibulo silimutemberera paliponse. Anthu amene anakwera mabasi kubwerera kumudzi mu 2008 ndi mu 2015 zipolowe zolimbana ndi alendo zitavuta sanali opanda chikhulupiriro. Ena a iwo pano akudya nsima ndi ana awo madzulo aliwonse, ife tikuonera ana athu pa foni.

Chachiwiri, m'munda muja simunali mwamtendere. Pa 2:9 Boazi akuti ndawalamula anyamatawa kuti asakukhudze. Pa 2:22 Naomi akuti khala ndi adzakazi ake, kuopa kuti m'munda wina angakuchite chipongwe. Anthu awiri sangachenjeze za chinthu chimene sichichitika. Mkazi wachilendo, wopanda mwamuna, wopanda mlongo, wowerama tsiku lonse kumbuyo kwa amuna okolola. Ndani wa ife sakuidziwa nkhani imeneyi? Ena anaiona m'njira asanafike ndi ku malire a Beitbridge komwe, ena kwa landilodi, ena kwa mwamuna wa madamu.

Ndiye bwerani pa chaputala 3. Naomi akuuza mtsikana kuti samba, dzola, vala zabwino, upite usiku kopunthira barele, udikire bamboyo adye ndi kumwa, akagona ukamuvundukule kumapazi. Zinatha bwino chifukwa Boazi anali munthu. Akanakhala wina? Anti anga atandiuza zimenezi lero ndikhoza kuwatsekera foni.

Chaputala 4 ndiye chimandiwawa. Pa chipata pakhala Boazi, wachibale wina wa malemu Elimeleki, ndi akuluakulu 10. Akukambirana za munda ndi za Rute pa mtengo umodzi, wina akuvula nsapato posonyeza kuti agwirizana, nkhani yatha. Rute palibe, Naomi palibe. Kwathu timazidziwa izi, dzina lake ndi chokolo. Bambo anga atamwalira, abale awo anabwera ndi lole, anatenga mpaka mbale. Lamulo latsopano loletsa kulanda katundu wa amasiye linabwera mu 2011, ife zathu zitapita kale.

Ngati mukufuna Mulungu m'bukuli, ine ndimamupeza pa 1:20-21. Naomi wafika kwawo, azimayi akufunsana kuti kodi uyu ndi Naomi, iye akuti musanditchenso Naomi, nditcheni Mara, kutanthauza wowawa, Wamphamvuyonse wandichitira zowawa, ndinapita wodzala ndabwera wopanda kanthu. Akumunena Mulungu pagulu, masana. Palibe amene akumudzudzula, ndipo Mulungu sakumulanga. Tayesani kulankhula choncho kutchalitchi kwathu kuno, akuyikani pakati n'kuyamba kukutulutsani ziwanda. Muwalole amayiwo anene zowawa zawo Lamulungu, musawathamangitsire ku aleluya.

Komanso taonani, akunena kuti wabwera wopanda kanthu Rute ataima pambali pake, atasiya kwawo chifukwa cha iye. Apongozi ndi apongozi basi.

Gogo Nabanda (Mayfair)

Ana anga, ine zolemba pa foni zimandivuta, akundilembera ndi mdzukulu wanga, ndiye mukaona mawu achilendo ndi ake.

Tadala mwana wanga, usawanyoze apongozi, mawa udzakhala mpongozi ndiwe. Koma zambiri wanena zoona.

Ine ndikufuna ndinene za kukunkha, poti nonsenu mukukutchula koma sindikudziwa ngati munakunkhapo. Ine ndinakunkha mtedza ndili mtsikana, m'minda ya eni atamaliza kukumba. Umalowa ndi kakhasu ndi kambale, n'kumafukula pamene anzako afukula kale. Msana umawawa mpaka kuiwala kuti unabadwa wowongoka. Ndiye ndikamva kuti Rute anayamba m'mawa mpaka madzulo, kupuma pang'ono pokha, kenako n'kupuntha yekha, n'kupeza efa wa barele, amene ophunzira amati n'kuposa ndowa ya malita 20, n'kusenza yekha mpaka kumudzi, ine sindiona nthano ya chikondi. Ndimaona mayi wotopa.

Mayi Nachisale, vesi lanu ndi 2:23. Palibe amene amalilalikira. Likuti Rute anakunkha mpaka kutha kwa kukolola barele ndi kukolola tirigu, ndipo ankakhala ndi apongozi ake. Basi. Pamenepo papita mwina miyezi iwiri, ndipo palibe chachitika. Kudzuka, kupita, kuwerama, kubwera, kuphika, kugona. Boazi uja wanena mawu okoma tsiku loyamba, kenako zii. Ife ambiri moyo wathu uli m'vesi limeneli. Ine ndimadzuka kusanache kupita ku msika wa City Deep kukapikula tomato ndi anyezi, n'kudzakhala m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa kulowa. Ana anga anaphunzira ndi tomato ameneyu. Munthu akandifunsa tsiku limene Mulungu anandithandiza, tsiku lake sindingalitchule, koma ana anaphunzira.

China chimene ndimachikonda ndi nkhomaliro ija. Boazi anamuitana kuti adzadye ndi okolola, asunse mkate wake, n'kumupatsa tirigu wokazinga. Anadya, anakhuta, n'kutsalako. Zotsalazo sanasiye pamphasa. Pa 2:18 akuzitulutsa n'kupatsa apongozi ake. Tangoganizani, anazimanga pansalu kuyambira masana, akugwira ntchito akudziwa kuti kunyumba kuli nkhalamba imene sinadye. Naomi uja ankati Mulungu wamutembenukira, koma atangoona chakudyacho ndi pamene anayamba kudalitsa. Mtima wake unatembenuka ndi mkute.

Ndikuuzeni za ine. Mu May 2008 zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu oposa 60 anaphedwa. Nthawi imeneyo tinkakhala cha ku Jeppestown, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba. Tinathawira kupolisi ndi zovala za m'thupi zokha. Pafupi nafe pankakhala mayi wina wa konkuno, wa fodya wa pamphuno, pakamwa pake posasankha mawu, ndipo tinkakangana kawirikawiri chifukwa cha chingwe choyanikapo zovala. Mayi ameneyo anatenga loko wake n'kukhoma chitseko chathu, anyamata atabwera anawauza kuti chipindacho n'chake, achoke. Tsiku lililonse ankabwera kumene tinathawirako ndi nsima ndi kabichi m'chigubu cha ayisikilimu. Sanatchule dzina la Mulungu ngakhale kamodzi, ankangotukwana kuti nsimayo tidye msanga akufuna chigubu chake. Titabwerera tinapeza ngakhale supuni ili pamalo pake. Ine kutchalitchi ndaona zambiri, ena akugwa, ena akulankhula malilime, koma ndikafunsidwa kumene ndinamuona Mulungu ku Joni kuno, ndimanena za chigubu chija.

Ndiye popeza ambiri mumagwira m'nyumba za eni, kawauzeni amayiwo ichi. Tsiku lotaya zinyalala mumaona anthu aja okoka matrole, otola mabotolo ndi zitini m'mabini. Amenewo ndiwo okunkha a mumzinda uno. Muziika mabotolo, zitini ndi makatoni m'thumba lakelake pamwamba pa bini, magalasi osweka muzikulunga, munthu asapise dzanja m'zonyansa n'kudzicheka. Munda si wanu, koma m'mphepete mwake mwadutsa m'manja mwanu.

Bambo Mbewe (Rosettenville)

Agogo mwatiphunzitsa, 2:23 ine ndinkangolidumpha.

Tadala, pa za chipata sindikutsutsa, amayi panalibe, ndipo umu ndi mmene dziko lija linalili. Koma pa chokolo ndisiyana nawe pang'ono. Chokolo chimene tikuchidana kwathu ndi chokakamiza, mkazi alibe mawu. Rute anali atamasulidwa kale ndi Naomi pa msewu wa ku Mowabu. Pa 3:9 amene akupempha ukwati ndi Rute, ndipo pa 3:10 Boazi akuvomereza yekha kuti mtsikanayo akanatha kutsata anyamata, olemera kapena osauka. Wachibale woyamba uja munda ankaufuna, atamva kuti pali mkazi wamasiye woti asamalidwe ndi mwana amene adzatenge mundawo, anabweza moto. Ameneyo ndiye ofanana ndi a lole aja, ndipo wolemba sanamutchule ndi dzina lomwe.

Ndiwonjezere chimodzi cha ife alendo. Deuteronomo 23:3 akuti Mmowabu asalowe mu msonkhano wa Yehova, ngakhale mbadwo wa khumi. Wolemba buku la Rute ankalidziwa lamuloli, komabe akubwereza dala kuti Rute Mmowabu, Rute Mmowabu, mpaka m'chaputala chomaliza. Kenako akutiuza kuti mwana wake Obedi anabala Jese, Jese anabala Davide. Mateyu chaputala 1 akumutchulanso Rute pa mndandanda wa makolo a Yesu, pamodzi ndi Tamara, Rahabu ndi mkazi wa Uriya. Rute mwiniyo zimenezi sanazione. Iye ankadziwa za barele ndi za apongozi ake.

Nachisale (Cosmo City)

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Agogo, mwandiliza ndili m'khitchini mwa eni.

Ndaganiza zochita. Tiwerenga machaputala 1 ndi 2 okha, mogawana, wina akhale Naomi, wina Rute, wina Olipa, enafe tikhale azimayi a ku Betelehemu. Tikafika pa Mara ndiima, amene ali ndi chowawa anene, ndipo ndawapempha kale amayi busa kuti pasakhale womudula ndi kolasi. Kenako ndifunsa funso limodzi: utangotsika basi ku Park Station, anakupatsa chakudya choyamba ndani? Ine anandipatsa ndi mtsikana wa ku Zimbabwe amene tinakhala mpando umodzi kuchokera ku Harare, theka la buledi ndi mazira awiri owiritsa, ndipo dzina lake sindinamufunse.

Bambo Mbewe, pa chokolo ine ndili pakati. Mwanena zoona kuti anapempha yekha, koma munthu wanjala akapempha, ufulu wake umakhala wochepa. Tidzakambirana tikadzafika pa chaputala 3.

Pali malo amodzi amene palibe wa inu wawakhudza, ndipo ine akundisowetsa mtendere. Pa 4:15 azimayi akumuuza Naomi kuti mpongozi wako amakukonda, ndipo akuposa ana aamuna 7. Mawu okoma, ndipo ndi azimayi anzake amene anawanena, osati akuluakulu a pa chipata. Koma pa 4:16-17 Naomi akutenga mwanayo n'kumulera, ndipo azimayi omwewo akuti Naomi wabadwira mwana. Rute, amene anamva ululu wake, sakulankhulanso mpaka buku kutha. Mwana wanga wamkazi akuleredwa ndi apongozi angawo. Amawaitana kuti amayi, ine amanditchula kuti amayi a ku Joni. Sindikudandaula, akumulera bwino, ndipo nkhalambayo ikanakhala yokha bwenzi itafa kale ndi maganizo. Koma pagulu pathu pafupifupi aliyense anasiya mwana kwa agogo ake, ndiye vesi limeneli ndikuliopa. Mwina tidzalifika mwezi wa mawa, ndipo ndidzapempha wina atsogolere.

Pakadali pano vuto ndi mabaibulo. Achichewa tili nawo ochepa, ambiri amawerengera pa foni ndipo data ikatha ndiye kuti zathera pomwepo. Ngati alipo amene angatibwereke awiri kapena atatu, Loweruka masana ndikhala m'tauni cha ku Bree.

Tadala (Yeoville)

Anti, ine ndili nalo la amayi anga, chikuto chinachoka koma Rute alimo yense. Loweruka saluni imadzaza, sindingachoke, ndiye mungodzera kuno mukachoka ku Bree. Mubwere ndi nthawi ndikulukeni, musakaime pamaso pa amayi ndi tsitsi la m'duku. Koma mulibweze, muli mayina athu onse ndi masiku obadwa pa tsamba loyamba.